Mmene mungazoloweretsere galimoto yatsopano ya mphamvu kuno ku Harare osaiononga

Galimoto ya mphamvu ikangofika kumene, kaya ndi BMW M3, Porsche 911, Mercedes-AMG olo Golf R imene anyamata amaifera ija, siikhala yokonzeka kuti muipondere moto mpaka pansi tsiku lomwelo. Makilomita oyambirira aja, pakati pa 1,500 ndi 3,000 kutengera mtundu wake, ndi amene amagamula ngati injiniyo izidzamwa oyilo moyo wake onse kapena izidzakhala youma bwinobwino mpakana mudzaigulitse. Ndalemba izi poganizira ife olankhula Chichewa amene tili kuno ku Harare, chifukwa galimoto zoterezi zimadutsa m'manja mwathu ndithu, ena ndinu madalaivala a mabwana ku Borrowdale ndi ku Glen Lorne, ena ndife amakaniko ku Graniteside ndi ku Msasa, palinso ena Mulungu wawakumbukira agula yawoyawo. Tonsefe nkhani ndi imodzi.

Anthu amaononga galimotozi mbali ziwiri. Alipo amene amaiwulutsa sabata yoyamba yomwe kuti a neba amve kulira kwake, amenewo aliyense amawadziwa. Koma amene amandidandaulitsa kwambiri ine ndi enawa, oiopa galimoto mopitirira, amangoiliza chiimire pa geti m'mawa ulionse, kenako kukwawa nayo mu jamu kupita ku tauni ndi kubwerako, miyezi itatu singano ya ma rev, yoonetsa liwiro limene injini ikuzungulira, isanafikeko olo pa 3,000, iwo nkumati akuisamala. Sikusamala kumeneko abale anga.

Muone chimene chimachitika mkatimo. Mu silinda iliyonse mumakwera ndi kutsika pisitoni imene ili ndi maring'i ake. Khoma la silinda yatsopano silikhala losalala ngati galasi ayi, ku fakitale amalikanda dala timizere ting'onoting'ono topingasana kuti tizigwira oyilo. Maring'i aja amafunika akhulane ndi khomalo pang'onopang'ono mpaka agwirane osasiya mpata, ndipo chimene chimawakankhira ku khomako kwambiri ndi mphamvu ya mpweya oyaka umene umalowa kuseri kwa ring'i nkuikankhira kunja. Ndekuti injini ikamangolira chiimire mphamvu ija imachepa, maring'i sakhazikika, oyilo amapserera pa khoma nkupanga kachikutu konyezimira, basi injini imeneyo yayamba kumwa oyilo ndipo kuti mukonze ndi pokhapokha muitsegule. Mbali inayi mukaithamangitsa mpaka singano ya ma rev ifike pa mzere ofiira zitsulo zisanazolowerane, kutentha kumaunjikana pa timalo ting'onoting'ono pamene zikukhulana ndipo zimakandana moipa. Zili ngati ng'ombe yophunzira goli, simuisiya m'khola koma simuipatsanso pulawo tsiku lonse, mumaigwiritsa ntchito ya saizi yake tsiku ndi tsiku nkumaonjezera.

Mumva ena akunena kuti injini za masiku ano sizifuna zimenezi poti makina a ku fakitale amasema bwino kuposa kale. Zoti amasema bwino nzoona. Koma opanga galimoto omwewo amalembabe malamulo ozoloweretsera m'buku, ndipo si injini yokha imene ikuzolowera, palinso giyabokosi, difu (imene imagawira matayala mphamvu), kilatchi, mabuleki ndi matayala.

Choyamba, tsegulani buku

Musanaike kiyi olo kudina batani, pezani tsamba la running in, kutanthauza kuzoloweretsa kumeneku, m'buku la galimotoyo ndipo manambala ake muwalembe pa kapepala, mumate pa dashibodi pamene aliyense oiyendetsa aziona. Amasiyana ndithu. Mabuku ambiri a BMW M amati koyambirira musapyole ma rev 5,500 pa mphindi (rpm) ndi 170 km/h, ndipo pa makilomita 2,000 pali sevisi yake yapadera. A Mercedes-AMG amati makilomita 1,500 oyamba musapyole 4,500 rpm ndi 140 km/h. A Porsche amatalikitsa, makilomita 3,000 ndipo ma rev azikhala cha m'ma 4,000 kutsika pansi. Golf GTI ndi Golf R, makilomita 1,000 oyamba simupyola magawo awiri mwa atatu a ma rev ake onse, kenako kuonjezera pang'onopang'ono mpaka 1,500. A Chevrolet pa Corvette imene inatuluka mu 2020 anafika pochita kuichepetsera okha mphamvu mu giya yoyamba ndi yachiwiri kwa makilomita 800 oyamba, podziwa kuti munthu mtima sungamugwire. Za 170 ndi 140 zija zisakusokonezeni, kuno lamulo ndi 120 pa msewu waukulu ndi 60 m'tauni, nde nambala imene ikukukhudzani inu ndi ya ma rev.

Chachiwiri, ifika bwanji kuno

Apa nde pamene ambiri saganizirapo. Galimoto zambiri zoterezi zimalowera ku Beitbridge, ndipo kuchoka pamenepo kudzafika ku Harare kudzera ku Masvingo ndi ku Chivhu ndi makilomita pafupifupi 580. Mukatuma mnyamata kuti akaitenge, makilomita amenewo ndi ofunika kuposa ena onse m'moyo wa injiniyo, ndipo inu simukhalapo. Mwina aiwulutsa usiku kuti aone mmene imakokera, mwinanso aika cruise control, imene imasunga liwiro yokha, pa 120 nkuisiya pa rev imodzi maola ambiri kuyambira kotentha kwa ku Rutenga kuja, zonse ziwirizi sizabwino. Ngati ndalama ilipo ikwezeni pa thiraki yonyamula galimoto ibwere itakwera. Ngati palibe, pitani nokha kapena tumani munthu wamkulu odekha amene mwamufotokozera za kusinthasintha ma rev.

Ikafika muione pansi musanayende nayo. Galimoto zotsika zimabwera ndi timapulasitiki kapena timalabala tolimba tolowetsedwa m'masipuling'i kapena pa mashoko kuti isagunde pansi pokwera sitima, ndipo amene amaikonzekeretsa nthawi zina amaiwala kutichotsa. Mukamva galimoto ikudumphadumpha mouma ngati ilibe mashoko, suzumirani kuseri kwa tayala ndi tochi, mutiona, kawirikawiri timakhala ta mtundu owala. Matayalanso amabwera atapopedwa mopitirira dala kuti asaphwatalale poima nthawi yaitali. Aphwetseni afike pa nambala imene yalembedwa pa chitseko cha dalaivala kapena pa kachitseko ka thanki, ndipo muyeze m'mawa matayala asanatenthe. Onani oyilo, onani madzi, jambulani makilomita a pa dashibodi ndi foni.

Zozimira moto, ma triangle awiri ndi mapepala a laisensi ya msewu a ku ZINARA ndi inshuwalansi zikhale mmenemo chifukwa muyenda misewu ya maroadblock. Dziwaninso kuti zambiri mwa galimotozi sizibwera ndi tayala la sipeya, mumangopeza kabotolo ka guluu ndi kapampu, nde kagwireni nkukaphunzira muli pakhomo osati usiku muli ku Macheke.

Mafuta

Petulo wa kuno ndi wa blend, osakaniza ndi ethanol wa nzimbe za ku Chisumbanje ndi ku Triangle, ndipo mlingo wake umasinthasintha, nthawi zina magawo 10 pa 100 nthawi zina mpaka 20. Tsegulani kachitseko ka thanki muwerenge, pamalembedwa ethanol amene galimotoyo imalola, E5 kapena E10 kapena kuposa, komanso octane imene imafuna, nambala yosonyeza mmene petulo amapirira osagogodetsa injini. Zambiri zothamangazi zimakonda 98 ndipo zimalola 95. Ngati zimene zalembedwazo sizikugwirizana ndi za pa pampu, funsani kwa amene anakugulitsani akuyankheni polemba, chifukwa nkhani ya waranti imadzayambira pamenepo. Petulo ofooka amapangitsa injini kugogoda, kompyuta imamva nkubweza mphamvu kuti iziteteze, koma si chinthu choti injini yatsopano izikumana nacho tsiku ndi tsiku. Thirani pa filing'i siteshoni imene pamadutsa galimoto zambiri kuti mafuta akhale atsopano, osati a m'zigubu a m'mbali mwa msewu, ndipo mukapeza thanka ikutsitsa mafuta pitani pena chifukwa nthawi imeneyo zinyalala za pansi zimavunduka. Ethanol amakoka chinyezi, nde galimoto isamakhale milungu yambiri chiimire ndi thanki ya theka. Malisiti sungani.

Kuliza m'mawa

Lizani, dikirani mwina masekondi 30 kapena mphindi imodzi kuti oyilo azungulire ndipo ma rev atsike, mangani lamba, nyamukani. Basi. Zoisiya ikulira mphindi 15 uku mukumwa tiyi zisiyeni. Injini imatentha msanga komanso bwino ikamayenda, ndipo giyabokosi ndi difu sizitentha nkomwe galimoto ili chiimire.

Poyenda koyambako phazi likhale lopepuka, ma rev osapyola 2,500 kapena 3,000 mpaka oyilo atenthe. Ndati oyilo, osati madzi. Singano ya madzi imafika pakati msanga koma oyilo amatsalira kumbuyo ndi mphindi zingapo, makamaka June ndi July pamene ku Harare kumazizira m'mawa mpaka udzu kuyera. Galimoto zamtunduwu pafupifupi zonse zimaonetsa kutentha kwa oyilo penapake pa sikirini, kufunefuneni ndipo kuzikhala poonekera. Akafika cha m'ma 80 digiri nde mutha kuyamba kuipatsa ntchito. Lamulo limeneli silitha ndi running in, ndi la moyo onse wa galimotoyo.

Maulendo afupiafupi, oti mwaliza kupita pa shopu ya pa kona nkuzimitsa injini isanatenthe, apeweni masabata amenewa. Tengani galimoto ina kapena yendani wapansi.

Makilomita 500 oyamba

Nthawi imeneyi maso anu akhale pa matayala ndi mabuleki kuposa pa injini. Tayala latsopano mukaligwira mumamva kuterera, ndipo mukayang'anitsitsa muona timizere ta utoto ndi titsitsi ta labala ta ku fakitale tikadalipo. Silinayambe kugwira msewu mokwanira mpaka litayenda makilomita 300 kapena 500. Ndiye galimoto ya mphamvu chonchi, yokokera kumbuyo, pa tayala loterera, mukaponda moto pa raundabauti imatembenuka musanaphethire. Zikakhala kuti mwaigula mu November mvula yoyamba ikugwa nde samalani kawiri, chifukwa oyilo ndi dizilo yense amene makombi ndi mathiraki anadontheza chilimwe chonse amayandama pamwamba pa tara. Batani lozimitsa traction control, imene imaletsa matayala kuterereka, musalikhudze nkomwe.

Mabuleki nawo amafuna nthawi. Ma pad atsopano, amene amafinya disiki mukaponda buleki, amayenera kupaka kachikutu kawo kopyapyala pa disiki mofanana mbali zonse, ndipo zimenezi zimatenga makilomita 300 mpaka 500 a kuponda mofatsa. Siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo, ndikudziwa kuti kuno mukasiya mpata mushikashika, wa kagalimoto konyamula anthu popanda chilolezo, amalowapo pompo, musiyeni alowe. Mukadutsa makilomita amenewo pezani msewu owongoka opanda anthu, yang'anani pa galasi kuti kumbuyo kulibe kanthu, thamangani 80 nkuponda buleki molimbirako mpaka 20 osaima, bwerezani kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu, kenako yendani mphindi zingapo osaponda buleki kuti azizire ndi mphepo. Mumva kafungo kopserera, ndi mmene zimakhalira. Chimene simuyenera kuchita ndi kuima chiimire phazi lili pa buleki disiki ili yamoto, chifukwa pad imadinda chizindikiro chake pamalo amodzi ndipo pambuyo pake chiwongolero chimayamba kunjenjemera mukamaponda buleki, anthu nkumati disiki yapindika pamene vuto linayambira pa roboti. Ngati galimoto yanu ili ndi mabuleki a carbon ceramic tsatirani zimene buku lake likunena basi, amenewo mtengo wake ndi galimoto ina.

Ya manyuwale, kilatchi muzisiya mofatsa makilomita 500 oyamba ndipo phazi lisamagone pamenepo. Ya PDK kapena DSG, magiyabokosi osintha okha a Porsche ndi a Golf, dziwani kuti ngakhale ilibe pedulo yachitatu mkatimo muli makilatchi awiri, ndipo kukwawa pang'onopang'ono mu jamu ya Seke Road kapena Simon Mazorodze madzulo kumawatenthetsa. Imani kwenikweni, mpata ukatseguka yendani kwenikweni.

Za mahampu ndi maenje sindingataye nthawi, mukuwadziwa. Hampu muziidutsa mopingasa pang'ono tayala limodzi limodzi, ngati pali batani lokweza mphuno ligwiritseni ntchito. Marimu a 19 ndi 20 inchi okhala ndi tayala lopyapyala dzenje limodzi lokha amapindika, nde msewu umene simukuudziwa kauoneni kaye ndi galimoto ina, ndipo pamene padzadza madzi a mvula muzingoti pali dzenje.

Kuyambira 500 kupita mtsogolo, itulutseni m'tauni

Apa nde pagona nkhani yonse. Injini ikufuna ntchito yosinthasintha, kukoka kenako kupuma, kukoka kenako kupuma, ndipo mu msewu wa Samora Machel simungaipeze ntchito imeneyo. Dzukani m'mamawa Loweruka kapena Lamulungu kutangocha, osati usiku chifukwa cha ng'ombe ndi mathiraki ofera pamsewu opanda magetsi, mutenge msewu wa ku Mutare. Mukadutsa Ruwa msewu umayamba kutseguka, Marondera ndi makilomita 70 ndi kena, okwanira ulendo oyamba kupita ndi kubwera. Mukazolowerana nayo pitirirani ku Macheke, Headlands, Rusape mpaka ku Mutare, makilomita pafupifupi 260, ndipo mukakwera Christmas Pass nkutsetserekera mu mzindamo mwaipatsa injini chilichonse chimene imafuna. Pa Rusape mutha kukhotanso kulowera ku Juliasdale ndi ku Nyanga kumene kuli zitunda ndi makona ambiri. Tsiku limene nthawi yachepa, msewu wa ku Mazowe ndi wapafupi ndipo uli ndi zokwera ndi zotsika zake. Amene mukuganiza zoti mupite nayo kumudzi kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete kuti akaione, dikirani kaye ithe sevisi yoyamba.

Kayendetsedwe kake ndi aka. Oyilo atatentha, ikani giya yachitatu kapena yachinayi, ma rev ali cha m'ma 2,500, pondani moto theka kapena kupitirira pang'ono koma osafika pansi, isiyeni ikoke mpaka pafupi ndi malire amene buku lanena, tinene 4,000, kenako chotsani phazi lonse osasintha giya kuti injini yokha ibweze galimoto mpaka ma rev atsikenso. Pokoka paja maring'i akukankhidwira ku khoma, pobweza paja oyilo akukokedwa kudzatsuka ndi kuziziritsa khomalo. Chitani kangapo, kenako yendani bwinobwino makilomita angapo, sinthani giya, chitaninso. Ya otomatiki ikeni pa manyuwale muzisintha nokha ndi timapadulo ta pa chiwongolero, chifukwa mukaisiya pa D imathamangira giya ya 7 kapena ya 8 kuti isunge mafuta ndipo mudzapezeka mwayenda Harare mpaka Rusape pa rev imodzi. Cruise control iwalani kuti ilipo.

Pali cholakwika china chimene anthu ochenjera omwe amachita poganiza kuti ma rev otsika ndi chifundo. Muli pa giya yapamwamba, singano ili pa 1,500, mwafika pa chitunda nkuponda moto mwamphamvu osatsitsa giya. Injini imabuula, galimoto imanjenjemera pansipansi. Kumeneko ndi kuipweteka kuposa kuifikitsa pa 4,000, chifukwa katundu yense akugwera pa ma bearing oyilo asakuthamanga mokwanira, ndipo injini za turbo za masiku ano zimatha kuphulitsa mafuta nthawi isanakwane zikapanikizidwa chonchi, mpaka kuswa pisitoni. Chitunda chikabwera tsitsani giya. Pa otomatiki musapondenso mpaka kudina kabatani ka pansi pa pedulo kaja, kickdown, chifukwa imagwetsa magiya atatu nthawi imodzi singano nkulumphira ku mzere ofiira.

Opitirira thiraki muziwerengera bwino. Ngati mpata wake ukufuna kuti muponde moto onse, si mpata wanu umenewo, dikirani wina. Komabe zikavuta mwadzidzidzi, mwatuluka kale ndipo kutsogolo kwatulukira basi, pondani mupulumuke, kupyola malire kamodzi kwa masekondi awiri sikupha injini.

Muzikumbukiranso kuti Harare ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi opepuka. Injini yopanda turbo imataya mphamvu ndithu, cha m'ma 15 pa 100 poyerekeza ndi ku Durban kapena ku Beira, nde musadabwe nkuyamba kuiponda kwambiri poganiza kuti yadwala. Ya turbo imabweza mphamvuyo pozungulitsa turbo mwachangu, kutanthauza kuti kutentha kumachuluka. Chifukwa chake mukamayandikira kofika, makilomita atatu kapena asanu omaliza yendani mofatsa, ndipo ngati mwangochoka kumene pokoka isiyeni ilire mphindi imodzi musanazimitse, makamaka mu October dzuwa likuswa mtengo. Mukamva mafani kapena kapampu kakulirabe mutazimitsa musaope, ikudziziziritsa yokha.

Oyilo muziyang'ana

Injini yatsopano imamwako oyilo pang'ono maring'i asanakhazikike, zimenezo zisakuopseni. Yezani nthawi iliyonse imene mwathira mafuta, galimoto ili pamalo athyathyathya. Zambiri sizikhalanso ndi kandodo koyezera, mumayeza pa sikirini injini itatentha, nde phunzirani mmene zimachitikira. Mukafuna kuonjezera thirani oyilo amene buku lanena, nambala yake ndi chilolezo cha opanga galimotoyo zigwirizane, pang'onopang'ono osadzadzitsa mopitirira. Gulani lita imodzi kwa dila izikhala m'buti, oyilo achinyengo alipo m'tauni muno ndipo zigubu zake zimaoneka bwino kuposa zenizeni. Timabotolo tothira mu oyilo toti timachepetsa kukhulana kwa zitsulo musathire, panopa tikufuna zitsulozo zikhulane ndithu. M'mawa suzumirani pansi pamene inagona muone ngati padontha kanthu. Lembani m'kabuku makilomita ndi oyilo amene mwathira, kuti mukadzaona kuti kumwako sikukuchepa pofika 3,000 kapena 5,000 mudzakhale ndi umboni opita nawo kwa dila.

Makiyi

Ndinene mosabisa, adani a galimoto yatsopano ndi anthu okukondani. Achimwene abwera akuti tangondibwerekani ndizungulire kamodzi, alamu akuti tailizani timve, anyamata a pa car wash akuisuntha okha nkuiliza mpaka kuphulitsa ekizozi injini ili yozizira. Kuliza ma rev apamwamba galimoto ili pa nyutulo ndi chinthu choipa kwambiri nthawi imeneyi. Kanani mwaulemu, auzeni kuti ikatha sevisi yoyamba mudzawakweza. Potsukitsa isuntheni nokha makiyi akhale m'thumba.

Kwa inu madalaivala a mabwana, ana a abwana akakukakamizani kuti muyese launch control, yonyamutsa galimoto ndi mphamvu zake zonse kuchokera poima, pa Borrowdale Road usiku, aonetseni kapepala ka pa dashibodi kaja. Kompyuta ya galimotozi imasunga mbiri, ya Porsche imalemba nthawi iliyonse imene injini yapyola malire a ma rev ndipo dila akalumikiza makina ake amaziona zonse. Zikadzavuta funso loyamba lidzabwera kwa inu amene mumagwira chiwongolero. Pa BMW M zambiri launch control siigwira nkomwe mpaka sevisi ya 2,000 itachitika. Zopititsa galimoto kokaichuna kompyuta kuti ionjezere mphamvu, kapena kusintha ekizozi, zidikire, ndipo dziwani kuti zimaika waranti pa chiswe.

Sevisi yoyamba

Ngati buku lanena sevisi ya running in, monga ya pa 2,000 ya BMW M imene amasintha oyilo wa injini, fyuluta ndi oyilo wa difu, bukitsani malo kukadali milungu iwiri chifukwa zipangizo zina zimachokera ku South Africa ndipo zimachedwa. Musaipyole ndi makilomita ambiri, musaifulumizenso kwambiri. Ngati buku silinena kanthu ndipo likuti oyilo oyamba mudzasinthe pa 15,000, maganizo anga ndi oti musinthebe pakati pa 1,500 ndi 3,000, fumbi la kuno ndi petulo wa blend si zimene analingalira polemba manambala aja, ndipo mtengo wa oyilo ndi fyuluta ndi ochepa poyerekeza ndi injini. Ingoonetsetsani kuti zachitikira pamalo amene waranti imawavomereza ndipo adinda m'buku.

Pemphani kuti muone oyilo amene watuluka. Mukamupendeketsa m'beseni padzuwa muona tinyenyeswa tonyezimira tosalala ngati fumbi, timeneto ndi tabwinobwino, nditimene maring'i ndi magiya akhala akupala. Pa bawuti ya difu imene ili ndi maginito mupeza kaphala kotuwa kofewa, mukakapaka pa chala sikabaya. Chimene sichiyenera kupezeka ndi tizidutswa toti mungatigwire ndi chikhadabo kapena tofiirira ngati kopa. Mukationa jambulani, musalole kuti atayidwe, fyuluta aisunge ndipo nkhaniyo ilembedwe pa job card tsiku lomwelo. Auzeninso aone alaimenti chifukwa masipuling'i amakhala atakhazikika ndipo maenje achita zawo, amangenso mabawuti a matayala ndi sipanala ya torque osati ndi mfuti ya mpweya.

Malire akatha

Kufika pa 2,000 kapena 3,000 sikutanthauza kuti mawa lake mufike pa mzere ofiira. Onjezerani ma rev 500 pa makilomita 200 kapena 300 alionse, poyamba pa giya yachitatu pamene galimoto siterereka, oyilo atatentha, msewu uli ouma, mpaka mudzafike pamwamba. Kuponda moto mpaka pansi nakonso yambani ndi masekondi ochepa. Muziyang'ana kutentha kwa oyilo mukamachita zimenezi, kukakwera kwambiri pumitsani poyenda mofatsa osati poima.

Vuto ndi loti galimoto zimenezi giya yachitatu yokha imapyola kale 120, nde mphamvu yake yonse pa msewu wa anthu mulibe poionera popanda kuika miyoyo ya ena pa ngozi. Malo ake ndi ku Donnybrook, kumene kumachitikira mipikisano ya galimoto, funsani masiku amene amalola anthu wamba kulowa ndi galimoto zawo. Musanapite onani zimene buku likunena za pa track chifukwa ena amafuna makilomita oonjezera, a Corvette amati 2,400. Yezetsani brake fluid, onani kuti ma pad atsala okwanira, chotsani katundu yense m'galimoto, tengani chipewa cholimba. Zungulirani kawiri mofatsa kuti zonse zitenthe, thamangani maulendo atatu kapena anayi okha, kenako kuzungulira kamodzi osaponda buleki kuti azizire. Mukaima musakoke handibuleki disiki ili yamoto, ikani pa giya kapena pa P pamalo athyathyathya, tsegulani boneti, ndipo muyeze mpweya wa matayala akadali otentha chifukwa umakhala utakwera.